Kwathu ndi Kutsidya

Mlamu wanga atamwalira anandisiyira zinthu ziwiri zimene sindinapemphe: jekete lachikopa losandikwana m'mapewa, ndi tsamba la pa intaneti la anthu akufa. Jeketelo ndinapatsa wina sabata yomweyo. Tsambalo ndinalibe womupatsa, chifukwa ku Fingoe kuno, ku Mozambiki, odziwa kulowa m'mimba mwa kompyuta tinalipo awiri okha, ndipo winayo ndi amene tinali titangomuika m'manda.

Anali mlongo wake wa mkazi wanga. Awiriwa anabadwira ku Zambia, kumsasa wa anthu othawa nkhondo, ndipo banja lawo linachedwa kubwerera. Anzawo atakwera malole mtendere utangobwera, iwo anatsalira zaka zambiri, mpaka mlamu wangayo anafika kuno ali kale ndi ndevu ndi Chingerezi chake cha kusukulu. Ine ndine wa ku Chiputo, wa banja limene silinapite kulikonse. Ife nkhondo tinaionera m'mapanga, ndipo ndivomere kuti tinakula tikuwayang'ana ndi diso lina anthu obwererawa, poti iwo ankadya ufa wa chithandizo ife tikukumba mipama m'tchire.

Ine ndi iye tinkanyozana monga amachitira alamu, tsiku ndi tsiku, osatopa. Iye ankanditcha Mpwitikizi wopsa ndi dzuwa, ine ndinkamutcha Mzambia wosochera. Ngakhale pa kompyuta sitinkamvana chinenero. Tizipinda tija timasungamo mafayilo ine ndimati mapasita, monga ndinaphunzirira ku Tete ndi monga ndimaphunzitsira ana kusukulu. Iye ankati foda, monga amanenera uko, osadziwa kuti m'Chipwitikizi limenelo ndi liwu loti sungalitchule apongozi ali pafupi. Tsiku lina analitchula mokweza m'chipinda cha aphunzitsi muli amayi awiri achikulire, ndipo mpaka lero nkhaniyo ikatuluka anthu amagwira nthiti.

Tsambalo linali ntchito ya pamtima pake. Chilimwe chilichonse misewu ikauma, ankakwera njinga yake yamoto kukafunafuna manda a anthu a dera lino amene anafera kothawa kapena m'njira. Ankawoloka malire, ankalowanso m'midzi ya kuno ya ku Malowera, ankafunsa okalamba n'kujambula ndi foni. Wakufa aliyense anali ndi tsamba lake: dzina, mudzi wochokera, chaka ngati wina akuchikumbukira, dziko limene wagona, chithunzi cha manda, ndi mawu ochepa olozera malo. Ena anapezadi abale awo mwa njira imeneyi. Ine, iye ali moyo, sindinakhalepo pansi kuti ndiliwerenge. Ndinkati ndi ntchito ya munthu wopanda munda, ndipo ndinkamuuza pamaso.

Anadwala miyezi iwiri n'kutisiya. Chaka chisanathe, akuluakulu awiri a mpingo amene ankamuthandiza anandipeza kunyumba, zipewa zili m'manja, kudzandiuza kuti tsamba lija lazima. Ukalitsegula pankangotuluka kamzere kamodzi ka Chingerezi, kwina konse mbee. Mkazi wanga anangondiyang'ana, ndipo ndinadziwa kuti kukana kulibe.

Vuto ndinalipeza msanga. Tsamba lotere sulimanga pa dothi lopanda kanthu. Pali pulogalamu imene anthu ena akutali anapanga kale, yokhala ngati nsichi ndi phaso la nyumba, iwe n'kungomata ndi kufolera. Eni akewo akatulutsa yatsopano amasuntha nsichi, ndipo yakaleyo imafika posagwiranso ntchito pa makina amene amasunga tsamba lako. Ya mlamu wanga inali itafika pamenepo. Kuika yatsopano sikunali kovuta. Chovuta chinali chakuti yatsopanoyo inkafuna chinthu chilichonse pamalo pake: masamba mu pasita yawo, zithunzi mu yawo, zokongoletsa mu yawo. Komanso dzina limene waipatsa pasita ndi limene linkaoneka pamutu pa tsamba kwa owerenga.

Nditatsegula ntchito yake ndinagwira mutu. Munthu uja ankasunga mafayilo monga ankasungira zida m'nyumba mwake, sipanala mu poto, supuni m'thumba la misomali. Panali pasita yotchedwa zatsopano, ina zatsopano zenizeni, ina musataye, ina kaya. Zithunzi zina zinali katatu m'malo atatu. Ine ndimadana ndi chisokonezo, ndipo ana amene ndimawaphunzitsa angachitire umboni. Ndinaona kuti mwayi wanga wafika womuonetsa Mzambia uja mmene ntchito imagwiridwira, ngakhale iye panalibe woti aone.

Ndinagwira ntchitoyo m'chipinda cha makompyuta kusukulu, ana ali pa tchuthi, masana a dzuwa la Okutobala, malata akuthetheka pamwamba. Chimene sindinayembekezere chinali mawu ake. Olemba mapulogalamu amasiya timawu m'kati mwa ntchito yawo, timene makina satiwerenga, tongothandiza munthu wodzatsegula pambuyo. Take tinali ta Chinyanja, ndipo tinkamveka ndendende ngati iye akulankhula. Pena analemba kuti apa ndamanga ndi luzi koma pakugwira. Pena analemba kuti izi sindikuzimva, koma ndikazichotsa zonse zimagwa. Ndinaseka ndekha kawiri katatu. Kenako ndinafika pa mzere wina wolembedwa kuti: Alamu, mukadzafika apa musatukwane.

Ndinacheuka. Ndinkadziwa kuti ndili ndekha, chitseko ndinali nditakhoma ndekha, komabe ndinacheuka. Munali mipando yokhayokha ndi makompyuta ofundidwa nsalu. Anadziwa bwanji kuti ndidzafika? Analemba liti, ali bwino kapena atayamba kale kumva m'thupi? Ine mantha sachedwa kusanduka mkwiyo. Ndinatukwanadi, mokweza, m'zinenero zonse ziwiri. Kuyambira pamenepo ndinaleka kuwerenga timawu take. Ndinkangokoka mafayilo n'kumaponya m'malo awo atsopano mofulumira, kuti ndimalize ndituluke.

Akufa onse, opitirira zana, anali atawagawa m'mapasita awiri. Ina anaitcha kwathu, ina kutsidya. Apa sindinaime n'komwe. Kwathu ndi kuno, kutsidya ndi ku Zambia, mwana wa kalasi yoyamba angakuuzeni. Popeza dzina la pasita tsopano linkaonekera kwa anthu, yoyambayo ndinaitcha Mozambiki, yachiwiriyo Zambia. Panalinso kafayilo kakang'ono kotchedwa apa ndi apo, kamene pulogalamu yatsopano sinkakafuna. Sindinakatsegule. Ndinakaponya mu pasita ya zinyalala pamodzi ndi kaya ndi musataye.

Ndinayang'anako masamba angapo kuti ndione ngati zonse zili bwino. Zinali bwino. Mitumbira imafanana kulikonse, dothi, miyala, udzu wouma. Mayina a anthu ndi omwewo mbali zonse ziwiri za malire. Mawu olozera malo nawo sakanandithandiza, chifukwa mlamu wanga ankalozera ngati munthu amene adzakhalapo nthawi zonse kuti afunsidwe: kuseri kwa tchalitchi chakale, pafupi ndi chitsime, kumtunda kwa njira ya ng'ombe. Tsamba linayaka, laukhondo kuposa kale. Akuluakulu a mpingo anandithokoza, ndipo ine ndinayenda masiku angapo chifuwa chili patsogolo.

Patapita masabata atatu, nditatuluka m'kalasi ndinapeza bambo wina wokalamba atakhala pansi pa mtengo wa mango pabwalo la sukulu, njinga yakapalasa itatsamira pa tsinde. Anandiuza kuti achokera cha ku Malowera, ndipo ayenda masiku awiri, pena kupalasa pena kukankha. Ankafuna mphunzitsi wa tsamba la akufa.

Nkhani yawo anaifotokoza pang'onopang'ono, akusisita chipewa pa bondo. Tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa, iwo anali atapita kukafuna mchere. Mkazi wawo anathawa ndi gulu limene linalowera ku malire. Iwo anagwidwa m'njira n'kusenzetsedwa katundu miyezi yambiri. Mtendere utabwera, ankapita kumsewu kukadikira lole iliyonse ya obwerera. Obwererawo ankanena zosiyana. Ena ankati anamuona ali bwino, ena ankati anadwala, ndipo ena ankatsitsa mawu n'kunena kuti anakwatiwa ndi mwamuna wina uko. Anadikira zaka zinayi, kenako anakwatira mkazi wina, n'kubereka naye mwana wamkazi amene tsopano ali ku Tete. Mwana ameneyo ndi amene anaona dzina la mkazi woyamba uja pa foni n'kuwaimbira.

Ndinatsegula tsambalo pomwepo. Dzina linalipo, mudzi womwewo. Chaka chinali chachiwiri chitabwerere mtendere. Pamutu panalembedwa Mozambiki, ndipo pansi pa chithunzi panali mawu akuti kumunsi kwa dambo, pafupi ndi mkuyu wopsa ndi mphezi. Ndinawawerengera kawiri.

"Mwaona, a Purufesori," anatero madalawo. "Anafera kuno. Mkuyu umenewo ndikuudziwa, uli pa njira yochokera ku malire. Anali kubwera kwa ine, imfa inangomupeza m'njira. Aja ankati anakwatiwa uko ankanama."

Sanalire. Nkhope yawo inangomasuka, ngati ya munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Chimene ankafuna n'chakuti ndiwaperekeze ndi chithunzicho tikawapeze mandawo mvula isanatseke njira, kuti akaikepo mtanda. Ndinavomera msanga, ndipo ndinamva kukoma. Mumtima ndinkati ntchito yanga yabala kale chipatso, pomwe mwini wake uja dzinali analisunga zaka popanda woliona.

Loweruka m'mamawa tinanyamuka pa njinga yanga yamoto, iwo ali kumbuyo atagwira malaya anga ndi manja onse awiri. Fumbi linali lofika m'mano. Kumpoto mitambo inali itayamba kuunjikana, koma inali isanade. Dzuwa lili pamutu tinasiya msewu n'kulowa kanjira, kenako tinasiya njingayo pa mudzi wina n'kuyenda pansi. Madalawo ankanditsogolera mwachangu choti ine wocheperapo zaka ndinkapuma movutika.

Mkuyu unalipodi, mbali imodzi yakuda yong'ambika, m'mphepete mwa dambo. Tinazungulira ndi ndodo tikupatula udzu. Tinapeza zulu, ndowe za ng'ombe, ndi mwala umodzi wosalala umene madalawo anauyang'ana nthawi yaitali. Mtumbira panalibe. Mayi wina amene ankathirira dimba lake chapafupi anatiuza kuti anabadwira pomwepo ndipo sanamvepo kuti pamenepo panaikidwa munthu. Ndinayang'ananso chithunzi chija. Kumbuyo kwa mtumbira kunkaoneka mzere wa mitengo italiitali yowongoka, ndipo pa dambo limeneli mitengo yotero panalibe. Ndinadziuza kuti mitengo imadulidwa.

Madalawo sanagwe mphwayi. Anati mikuyu yopsa ndi mphezi si umodzi, akudziwa wina pa njira inanso, ndipo tikapiteko Lachiwiri. Tinabwerera ku Fingoe dzuwa likulowa. Ndinawasiya kwa mdzukulu wawo wina pafupi ndi msika, kumene anasiya njinga yawo.

Kunyumba ndinapeza mkazi wanga akusenda mtedza pakhonde. Chimwalirire mlongo wake anali asanatsegulepo tsambalo, ankati mtima sumulola. Ndinakhala pa mphasa n'kuponya foni pambali, chithunzi chija chikadali chotsegula, ndikudandaula za msana. Iye anasuzumira, kenako anapukuta manja pa chitenje n'kuitola.

"Awa si manda akwathu awa?"

"Akwathu, inde. N'chifukwa chake tapsa ndi dzuwa tsiku lonse."

"Ayi, bambo a ana. Kwathu kumsasa. Onani mabulugamuwo, tinkadutsa pamenepo popita kusukulu. Mkuyuwo unapsa ine ndili wamng'ono, tinkauopa."

Ndinamva liwu lija likutuluka m'kamwa mwake mosavuta, monga analinenera kambirimbiri m'nyumba mwanga ine osalimva. Kwathu tinkaphika chonchi. Kwathu mvula inkayamba msanga. Zaka zonsezo ndinkangoti akunena za mudzi wa makolo ake, kapena sindinkaganiza n'komwe. Ndipo monga mwa chizolowezi changa, m'malo mochita manyazi ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati zaka khumi ndi zisanu m'nyumba muno, ndi ana atatu, kwawo kukadali uko.

"Mchombo wanga uli uko," anatero, osakweza mawu. "Mukufuna ndizinena kuti chiyani?"

"Nanga kuno?"

"Kuno n'kuno."

Anabwerera ku mtedza wake. Sanadziwe chimene ndinachita, ndipo tsiku limenelo sindinamuuze.

M'mawa mwake, anthu akupita ku tchalitchi, ine ndinapita kusukulu. Ndinatsegula pasita ya zinyalala n'kufufuza kafayilo kaja ka apa ndi apo. Munali mizere iwiri yokha. Woyamba unkauza pulogalamu yakale ija kuti ikaona kwathu izilemba Zambia. Wachiwiri unkati ikaona kutsidya izilemba Mozambiki. Mlamu wanga anali atakhala kuno zaka zoposa makumi awiri, analima kuno, anavota kuno, tinamuika kuno, ndipo m'kati mwa kompyuta yake dziko lino linali likadali kutsidya.

Ndinakhala pamenepo ndikuyang'ana mayina aja m'mizere yawo yaukhondo. Masana amodzi ndinali nditawolotsa malire anthu akufa opitirira zana, a uko kubwera nawo kuno, a kuno kuwapititsa uko, popanda pemphero, popanda kuuza mbale wawo ndi mmodzi yemwe. Ena mwa iwo anafera m'tchire la kuno akuyesetsa kufika ku Zambia, ndipo ine ndinawafikitsa. Sindine munthu wokhulupirira kwambiri za mizimu, koma m'chipinda muja ndinamva ngati mwadzaza anthu oima chilili, osalankhula, akudikira kuti ndiwauze kumene agone.

Kenako ndinatsegula fayilo ya mayi uja, ndipo nthawi ino ndinawerenga zonse. Pansi penipeni panali kamzere ka mlamu wanga, ka mtundu uja wosaonekera pa tsamba. Analemba kuti mandawa anandionetsa ndi mwamuna wake wachiwiri, koma izi zisatuluke.

Ndinatseka kompyuta n'kuyenda kupita ku msika. Ndikanatha kudikira mpaka Lachiwiri, n'kupita nawo ku mkuyu winawo, n'kubwerako chimanjamanja, mvula n'kubwera n'kutseka nkhaniyo yokha. Ndinaliganizira bodza limenelo njira yonse, ndipo linkandikomera. Chimene chinandiletsa si chilungamo. Ndinangoona kuti sindingathe kukhalanso tsiku lathunthu manja awo atagwira malaya anga.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba ya mdzukulu wawo, atakhala pa kampando pafupi ndi mbaula. Pa miyendo pawo panali thabwa la mlombwa lopangira mtanda uja. Ankatenthetsa msomali pa makala, ataugwira ndi pulaya, n'kumawotcha nawo zilembo pa thabwalo, akutengera pa kapepala kamene wina anawalembera. Anali atamaliza zilembo zitatu za dzina.

Ndinanjuta pafupi nawo. Ndinayamba ndi za pulogalamu yatsopano, za mapasita, za mayina amene anasintha, monga amachitira munthu wophunzira akachita mantha. Anandilola ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Lankhulani Chinyanja, a Purufesori."

"Ndinalakwitsa ndine, bambo. Amayi sanagone kuno. Agona ku Zambia, kumsasa kuja."

Msomali unali m'mwamba, ukufuka. Anauika pansi pa dothi pang'onopang'ono. Anafunsa ngati chaka chija nachonso ndinalakwitsa, ndipo ndinawauza kuti chaka n'choona. Tonse awiri tinkadziwa tanthauzo lake. Malole anayenda chilimwe chimodzi, anayendanso chachiwiri, msewu unali wotsegula, ndipo mayiyo sanakwere.

"Mlamu wanuyo, mandawo anamuonetsa ndani?"

"Sanalembe, bambo."

Anandiyang'ana monga umamuyang'anira mwana amene akukana kuti sanabe shuga, shugayo ali pamlomo. Sanafunsenso. Chapatali kunkamveka nyimbo za ku tchalitchi ndi phokoso la chigayo kumsika. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo ndinkafuna atatero. Ndinawayendetsa masiku awiri pa njinga, ndinawafufuzitsa m'ndowe za ng'ombe, ndinawapatsa mkazi wawo kwa masiku ochepa n'kuwalandanso.

M'malo mwake anafunsa za makina. Ankafuna kudziwa ngati n'zotheka kubweza ena onse kumalo kwawo n'kusiya mmodzi. Ndinati n'zotheka, ndi nkhani yongosiya fayilo imodzi pamene ili.

"Ndiye enawo abwezeni lero lomwe, eni ake angasochere ngati ine. Uyu musiyeni. Sindipitanso kukafuna, musaope. Zaka zonsezi ndakhala ndikumuitana, sanabwere. Inu mwamubweretsa. Musiyeni kuno."

Ndinayesa kukana. Ndinati likhala bodza lolembedwa poyera, ndipo wina akhoza kudzawafunafuna pamalo olakwika.

"Amene anamuika uko akudziwa pamene wagona, safunika telefoni," anatero. "Ine ndi amene ndinalibe kalikonse. Mpaka nditafa ine basi. Ndikafa, mudzachite za shikola yanu, zakusukuluzo."

Anatola msomali uja n'kuubweza pa makala. Atafiira anayamba chilembo chachinayi. Sindinawafunse kuti mtandawo akaudzala kuti, ndipo iwo sanandiuze.

Masana omwewo ndinabweza akufa onse kumalo kwawo, mmodzimmodzi, ndikuwerenga kamzere kalikonse kamene mlamu wanga anasiya. Zinanditengera mpaka dzuwa kupendeka, pomwe kusokonezako kunanditengera mphindi imodzi. Ndinapempha akuluakulu a mpingo kuti alengeze kuti kwa masabata atatu tsambalo linali ndi mayiko otembenuka. Ngati alipo wina amene anawerenga m'masiku amenewo n'kukhulupirira, n'kuuza abale ake, osabweranso kudzaona, sindimudziwa, ndipo zimenezi zimandibwerera nthawi zambiri. Za fayilo imodzi imene ndinasiya sindinauze akuluakuluwo. Mkazi wanga yekha ndi amene ndinamuuza, ndipo anangoti mlongo wake akanachitanso chimodzimodzi, kenako anati kaya.

Chichokereni nthawi imeneyo pulogalamu ija yasinthanso kawiri. Ulendo uliwonse ndimasamutsa mapasita monga ikufunira, ndipo mayi uja ndimamunyamula padera ndi dzanja kuti asabwerere mwangozi. Mufayilo yake, pansi pa kamzere ka mlamu wanga, ndinawonjezera kanga kofotokoza zoona zake, kuti wodzatsegula ine kulibe asadzasochere.

Madalawo anamwalira mvula ya chaka chatha. Mwana wawo wa ku Tete ndi amene anandiimbira, ndipo pothokoza anati bambo ake anapita ndi mtima wokhazikika podziwa kuti mkazi wawo woyamba anafera pa njira yobwera kwawo. Ndiye kuti sanamuuze. Ndinangoti pepani, n'kudula foni.

Lonjezo langa linathera pamenepo, ndipo ndikudziwa chimene ndiyenera kuchita. Ndi ntchito yochepa kuposa kumanga chingwe cha nsapato. Ndakhalapo pa kompyuta kanayi kuti ndiichite. Ndimatsegula pasita ya Mozambiki, ndimatsika mpaka pa dzina lake, ndimaligwira. Ndiye ndimakumbukira kuti mwana wa ku Tete uja amatsegulabe tsambalo, ndi kuti mayiyo, amene sindinamuonepo, palibe anamufunsa kumene akufuna kukhala, kaya tsiku limene anathawa, kaya tsiku limene ine ndinamubweretsa. Ndimachotsa dzanja, n'kuzimitsa kompyuta, n'kuifunda nsalu yake.